Akawalala omwa tiyi, ndi amalume anga amene anali malonda

Amai anabwera kuchoka ku Katete mwezi watha kudzapimitsa maso, ndiye anakhala nafe kuno ku Chilenje masabata atatu. Chizungu samva kwenikweni, ndipo TV kwa iwo ni nyuzi ya 19 hours ndi makwaya, zina zonse amati ni phokoso chabe. Loweruka lina malaiti anabwera mochedwa ana atagona kale, ine nkuika The Ladykillers ija ya 1955 pa laputopu, mumtima ndili amai aona pang'ono basi aodzera pampando monga amachitira ndikaika mpira. Sanagone. Anakoka mpando kufika pafupi mpaka maondo kugunda tebulo, magalasi atsopano aja ali pamphuno, ndipo pofika pakati pa filimu anali kuseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Kwa amene simunaionepo, nkhani yake ili so. Nkhalamba ina yamasiye, Mrs Wilberforce, ikhala yokha ndi zinkhwe zake m'kanyumba kopendama pafupi ndi siteshoni ya King's Cross ku London, kuseri kwa nyumba kuli njanji masitima akudutsa usana ndi usiku. Kubwera mwamuna wina waulemu maningi, mano otuluka, dzina ati Professor Marcus, ameneyo ndi Alec Guinness, kudzachita lendi chipinda chapamwamba, ati iye ndi anzake anai ni oimba ma violin ndipo afuna malo ophunzirira nyimbo. Zoona zake ni akawalala, amangoika mbale pa galamafoni kuti gogo azimva nyimbo pansi iwo ali pa mapu kupangana zokaba mapaundi 60,000. Ndalama anaba bwinobwino, ndipo amene anakatenga chibokosi cha ndalama ku siteshoni ni gogo yemweyo osadziwa kanthu, mpaka apolisi ndi amene anamunyamulira kufikitsa pakhomo. Chinawaononga ni kalamba ka chikwama cha cello kamene kanakodwa pachitseko potuluka, kukoka kukoka chikwama nkutseguka, ndalama mbwee pansi gogo akuona. Manje amuna asanu akuluakulu apangana kuti gogo afe, achita maere, koma aliyense maere akamugwera manja amalema, mapeto ake ayamba kuphana okhaokha, mitembo nkumaiponya m'mabogi a sitima zodutsa kuseri kuja, mpaka onse kutha psiti. Gogo apita kupolisi kukanena za ndalama, apolisi amene anamuzolowera kuti amabwera ndi nkhani zosamveka amuuza kuti asunge yekha.

Pamene amai anasekera kwambiri ni paja anzake a gogo, nkhalamba zinzake za zipewa, zafika kudzamwa tiyi, akawalala aja ndalama zaululika kale koma akhala pakati pa azigogo atagwira timakapu, akupatsidwa keke, sangathe olo kutukwana. Amai anandigwira pamkono nkuti, "Mwanawe, anthu awa analeredwa, kuba anachita kuphunzira atakula." Ine filimu iyi ndaiona mwina kasanu ndi kawiri koma sindinaifotokozepo bwino chonchi. Kukoma konse kwa mafilimu a mtundu uwu, oseketsa a ku Britain a nkhani za akuba, kuli pamenepo, wakuba wake amakhala munthu amene ulemu wa pakhomo sunamuchoke, amaopa nkhalamba kuposa mfuti, amagogoda asanalowe m'chipinda chimene akufuna kubamo.

Ine sindinayambire pa akale awa iyayi. Ndinayambira pa Snatch, DVD yogula mumseu mu Cairo Road, zija za mafilimu ambirimbiri pa disiki imodzi, chithunzi chosaoneka bwino, ma subtitle a Chitchaina. Tinali anyamata anai m'chipinda chimodzi ku Kabwata, ka TV kamodzi, ndipo palibe olo mmodzi amene anamva zimene Brad Pitt amakamba. Tinali kubweza kumbuyo katatu kanai, mpaka mnzathu wina anazindikira kuti anthu a mufilimu momwemo nawonso sakumumva, kuti nthabwala yake ndi yomweyo. Tinaseka usiku wonse. Kuchokera apo ndinafuna Lock, Stock and Two Smoking Barrels ya 1998, ya Guy Ritchie yemwe anapanganso Snatch, ndipo patapita zaka intaneti itayamba kutchipa mpamene ndinadziwa kuti anyamatawa ali ndi makolo awo, mafilimu a situdiyo ya Ealing ku London a zaka za m'ma 1940 ndi 1950.

Chimene chinandikoka poyamba nchakuti akawalala ake ni anthu aang'ono. Mufilimu ya ku America wakuba amakhala katswiri, suti yokwana bwino, motoka yonyezimira, amadziwa mawaya onse a mu banki, sachita thukuta. Wa ku Britain amakhala ndi ngongole ya lendi, jekete yake ni yakale, mnzake amene wamudalira kuyendetsa motoka yothawira ni wonenepa moti kutuluka m'motokamo ni nchito. Taonani The Lavender Hill Mob ya 1951. Henry Holland, Alec Guinness yemwe uja, ni kalaliki wa banki amene kwa zaka 20 nchito yake ni kuperekeza golide kuchoka kosungunulira kupita ku banki, malipiro ochepa, mabwana amamuona ngati munthu wopanda nzeru zina zilizonse, wokhulupirika chifukwa ni wamantha. Zaka zonsezo iye ali phee kuganiza mmene angatulutsire golideyo m'dziko. Apeza mnzake Pendlebury amene ali ndi kafakitale kopanga tizidole ta Eiffel Tower togulitsa kwa alendo ku Paris, basi nzeru yapezeka, asungunula golide nkupanga tinsanja tomweto. Aliyense amene anagwirapo nchito yowerenga ndalama za eni, ma teller, ma cashier a m'mashopu a ku Kamwala, atsikana a m'ma booth a mobile money amene tsiku lonse agwira mitolo koma madzulo akwera basi ndi ya transport yokha, amamumva Holland mumtima olo asabe. Ndipo kumbukirani kuti filimuyi inatuluka Britain akadali pa chakudya chopimira cha pambuyo pa nkhondo, nyama anasiya kupimira mu 1954, ndiye anthu amene amaonera anali anthu otopa ndi mizere ndi makadi a chakudya, kuona kalaliki akunyenga banki kunali ngati kumwa madzi ozizira mu Okutobala.

Nanga chimawagwetsa nchiyani? Tiana tasukulu. Tinsanja tisanu ndi kamodzi ta golide tagulitsidwa mwangozi kwa atsikana a sukulu a ku England amene anapita kukaona Paris, amuna awiri akuluakulu ayamba kuthamangitsa ana kuti asinthane nawo, ndipo kamtsikana kamodzi kakana kwamtuwagalu chifukwa kakufuna kukapatsa mnzake wapolisi. Mu Ladykillers ni kalamba ka chikwama. Mu Snatch ni galu amene wameza daimondi. Ine apa ndimakumbuka nthano za Kalulu zimene ambuye ankatisimbira pamoto, Kalulu wanyenga Njovu, wanyenga Mkango, wamwa madzi pachitsime chimene anakana kukumba nawo, koma womugwira ni Fulu, kanyama kamene palibe amakawerengera. Timamukonda Kalulu chifukwa ni wamng'ono pakati pa zilombo, koma timafunanso kuti tsiku lake la fote likwane, ndipo mafilimu awa akakhala abwino amatipatsa zonse ziwiri. Holland amasimba nkhani yake yonse atakhala mu lesitilanti ku Rio akugawa ndalama ngati bwana, ndiye pomaliza aimirira, uona kuti dzanja lake lamangidwa unyolo ndi la munthu amene amamusimbira uja. T.E.B. Clarke amene analemba filimuyi anapata Oscar, ndipo ine ndimati anayenera chifukwa cha mphindi imodzi yomweyo.

The Italian Job ya 1969 sindikambapo zambiri, ambiri munaiona olo munaona ija ya ku America ya 2003. Michael Caine, timotoka titatu ta Mini tofiira toyera ndi tabuluu tikutsika masitepe ndi kulowa m'mipaipi ku Turin, maloboti a mumzinda onse asokonezedwa ndi kompyuta kuti pakhale jamu. Munthu amene anakhalapo pa Kafue roundabout 17 hours mvula itagwa maloboti atazima sangavutike kukhulupirira kuti mu jamu mungabedwe golide apolisi ali pomwepo. Mathero ake basi italendewera kuphompho, golide mbali iyi anthu mbali iyo, ni amodzi mwa mathero okoma amene ndinaonapo. Koma filimuyi ikaonedwa lero zina zimanunkha. Ataliyana onse ni anthu ongokuwa ndi kuponya manja, akazi alimo ngati maluwa a patebulo, ndipo nthabwala za Benny Hill, amene amasewera katswiri wa kompyuta, zothamangitsa azimai onenepa ine sizindiseketsa, ndimadumpha.

Apa ndiye ndafika pa zofooka, ndipo nziyambe ndi zing'onozing'ono.

Akazi mulibe. Lock, Stock yonse mungawerenge akazi olankhula ndi zala za dzanja limodzi zala nkutsala. Snatch chimodzimodzi. Mkazi wanga anaona nane theka la Snatch nkufunsa kuti kodi ku London kulibe azimai, anthu onsewa anabadwa kwa ndani, amadya kuti. Ndinalibe yankho. Chodabwitsa nchakuti filimu ya 1955 inaika nkhalamba ya zaka zoposa 70 pakati pa nkhani, Katie Johnson, mpaka anapata BAFTA, mphotho ya mafilimu ya ku Britain, pomwe za m'ma 2000 zimene zimadzitcha zamakono zili ngati bala ya amuna okhaokha Lachisanu usiku.

Chachiwiri ni kubwereza. Lock, Stock inali yatsopano zoona, anyamata anai asonkha mapaundi 25,000 aliyense ngati chilimba, apatsa mmodzi wa iwo, Eddy wodziwa makadi, kuti akachulukitse, iye abwerako ali ndi ngongole ya mapaundi 500,000 yoti abweze pa sabata imodzi. Ndani kuno ku Lusaka sadziwa mnyamata amene anatenga ya lendi kupita nayo ku betting ati madzulo ibwera kawiri? Nkhani imeneyo inali yamoyo. Koma itachita bwino aliyense ku Britain anafuna kupanga yake, ndipo kunatuluka mulu wa mafilimu a amuna a mitu yometa, maina a nthabwala, mau ofotokoza kumbuyo, chithunzi kuima dzina nkulembedwa pansi, magulu anai onse akuthamangitsa chikwama chimodzi mpaka akumana m'chipinda chimodzi nkuomberana. Ukaona atatu waona onse. Olo Guy Ritchie mwiniwake pofika pa The Gentlemen ya 2019 ndimaona ngati akuphika ndiwo zadzulo nkuthiramo tomato watsopano. Hugh Grant amakoma mmenemo, sindikana, Colin Farrell nayenso, koma anthu ake amakamba kuti amveke ochenjera, osati chifukwa ali ndi chokamba, ndipo nthabwala zonyoza Matchaina ndi Ayuda zimene zilimo sizinandikomere olo pang'ono.

Za khungu nazo ndikambe. Nthawi ija ku Kabwata tinkaseka Sol, Vinny ndi Tyrone a mu Snatch kuposa wina aliyense, anyamata akuda atatu amene apita kukaba ku betting shop, awiri a iwo nkudzitsekera okha mkati. Lennie James amene amasewera Sol ni katswiri ndipo mbali imeneyo amaisewera bwino. Ena amati mufilimu imeneyo aliyense ni chitsiru ndiye palibe tsankho, ndipo pali zoona pamenepo. Koma ndakula ndaona kuti azungu a mmenemo olo ali zitsiru ena amapatsidwa ulemu woopedwa, Brick Top ndi nkhumba zake ukamuona umazizidwa, pomwe akuda atatu aja kuyambira poyamba mpaka pomaliza ni osekedwa basi. Ndiponso anthu a mtundu wa Mickey uja wa Brad Pitt, ma Irish Traveller okhala m'makalavani, ni anthu enieni amene ku Britain amasalidwa mpaka lero, ndipo dzina limene amatchedwa nalo mufilimu monse ni lotukwana kwa eni ake. Ife tinkalibwereza ku Kabwata osadziwa.

Chimodzimodzi A Fish Called Wanda ya 1988, imene anaitsogolera ni Charles Crichton yemwe uja wa Lavender Hill Mob atakalamba, pamodzi ndi John Cleese. Ni filimu yoseketsa zoona, Kevin Kline anapata nayo Oscar, ndipo Ken wa Michael Palin, munthu wokonda nyama amene watumidwa kupha nkhalamba koma nthawi iliyonse amapha kagalu kake mwangozi nkumalira, ni mwana weniweni wa Ladykillers. Koma Ken ni wachibwibwi ndipo chibwibwicho amachiseweretsa kwambiri. Ndili ndi mwana wa mlongo wanga wachibwibwi, ali giredi 6, ndinaonapo mmene amatsekera maso akakakamira pa liu anzake akudikira kuti aseke, filimu imeneyi sindingaike iye ali m'nyumba. Palin mwiniwake atate ake anali achibwibwi ndipo pambuyo pake anapereka dzina lake ku malo othandiza ana achibwibwi ku London, chimenecho ndimamulemekeza nacho, koma sichisintha mmene mwana angamvere akaona anthu akuseka.

Manje chachikulu, chimene chandipangitsa kulemba zonsezi.

Amalume anga, alongo ao a amai, anabwera ku Lusaka kalekale ndipo zaka zambiri anali malonda, kulonda usiku pa shopu ina ya hadiweya. Ndi amene anandilandira nditabwera kudzafuna nchito, ndinagona pa mphasa m'nyumba mwao ku Chawama miyezi isanu ndi itatu. Munthu wanthabwala, wokonda wailesi, amapita kunchito 17 hours ndi kachikwama muli chikhoti chachikulu, tochi, botolo la tiyi ndi mbatata ziwiri zophika. Usiku wina nthawi ya dzinja kunabwera anyamata, anadula loko kuseri, amalume anamva nkupita ndi tochi yao, wina anawamenya ndi chitsulo apa pamwamba pa khutu. Katundu amene anatengedwa sanali wambiri, mawaya ndi mapampu angapo. Amalume sanafe. Anagona m'chipatala masabata awiri nkutuluka, anthu nkumati Mulungu ngwamkulu apulumuka. Koma munthu amene anatuluka sanali uja. Dzanja lamanja linayamba kunjenjemera moti tiyi amamwa kapu atagwira ndi manja awiri, mutu kuwawa masiku onse, chitseko chikamenyeka ndi mphepo amadzidzimuka mpaka kugwetsa mbale, wailesi ija anasiya ati ikuwasokosera. Nchito inatha, mwini shopu anapereka kandalama kochepa kamodzi basi, ndipo anabwerera kumudzi kumene anakhala zaka zinai nkumwalira.

Patapita nthawi ndinaona Buster, filimu ya 1988, Phil Collins woimba uja akusewera Buster Edwards, mmodzi wa gulu limene linaba sitima ya makalata yochoka ku Glasgow kupita ku London pa 8 Ogasiti 1963 nkutenga mapaundi 2.6 miliyoni. Filimu yake ni yofewa, yachikondi, Buster ni kamunthu kansangala kokonda mkazi wake ndi mwana wake, athawira ku Mexico koma mkazi asowa kwao, iye abwerera kukadzipereka chifukwa cha chikondi, nyimbo zokoma pamwamba. Ndinaikonda ndithu mpaka ndinapita kukawerenga za nkhani yeniyeni. Sitima ija inali ndi dalaivala, dzina lake Jack Mills. Anamumenya m'mutu ndi chitsulo. Sanafe, koma sanabwererenso mmene analili, ndipo anamwalira mu 1970 ndi matenda ena. Filimu imadutsapo msangamsanga pamenepo ngati munthu wodumpha chithaphwi kuti asadetse nsapato. Akuba aja anasanduka anthu otchuka, Ronnie Biggs anathawa m'ndende mu 1965 nkukakhala ku Brazil zaka zambirimbiri akujambulitsa ndi alendo, Buster atatuluka m'ndende amagulitsa maluwa pa siteshoni ya Waterloo anthu nkumamupatsa moni ngati munthu wa pa TV. Ine usiku umenewo ndinangoona amalume atagwira kapu ndi manja awiri.

Kuchokera tsiku limenelo filimu iliyonse ya mtundu uwu ndimaifunsa funso limodzi, kodi malonda ali kuti? Pamene pabedwa pamakhala munthu amene anali pa geti, amene mawa lake adzafunsidwa ndi apolisi ngati kuti ndiye wakuba, amene adzachotsedwa nchito. Mafilimu awa kuti tiseke bwino amayenera kumubisa munthu ameneyo, olo kumusandutsa chitsiru chogona pa nchito, olo kunena kuti zobedwazo nza banki, za inshuwalansi, za wakuba mnzao, ndiye palibe walira. Ochenjera amasankha bwino wobedwa. Golide wa Holland ni wa banki yaikulu yopanda nkhope. Mu Lock, Stock akuba amabera akuba anzao. Kind Hearts and Coronets ya 1949, mmene Alec Guinness amasewera anthu asanu ndi atatu a banja limodzi lolemera amene akufa mmodzimmodzi, ambiri mochita kuphedwa, imapita kutali dala mpaka umadziwa kuti iyi ni nthano, sungaisokoneze ndi moyo. Vuto limabwera akatenga nkhani yoona, ya anthu amene ali ndi ana ndi adzukulu amoyo, nkuithira shuga.

Anachitanso chimodzimodzi ndi kuba kwa ku Hatton Garden. Pa Isitala ya 2015 madala okalamba, wamkulu wao Brian Reader ali ndi zaka 76, anaboola chipupa cha konkire ndi chimakina nkulowa mosungira zamtengo wapatali mu dera la ogulitsa miyala ndi golide ku London, anatsegula mabokosi 73, katundu wa mapaundi pafupifupi 14 miliyoni. Dziko lonse linasekerera, ati taonani madala a mapilisi a shuga ndi makadi okwerera basi ulere achita zimene anyamata alephera, ndipo mafilimu anatuluka angapo, yodziwika ni King of Thieves ya 2018 muli Michael Caine, Jim Broadbent, Tom Courtenay ndi Ray Winstone. Chimene ndimaiyamikira filimu imeneyo nchakuti theka lachiwiri imaonetsa madala aja mmene analili, adyera, okayikirana, oopsezana, nthabwala zimatha. Ambiri sanaikonde chifukwa chomwecho, ati siidziwa ngati ni yoseketsa olo yoopsa. Koma olo iyo, eni mabokosi aja suwaona kwenikweni, pomwe ambiri anali amalonda ang'onoang'ono amene anaika mmenemo zonse zimene anasonkhanitsa moyo wao wonse. Ganizani mai wa salaula ku Soweto Market amene mabelo ake onse apita usiku umodzi, ndiye patapita zaka zitatu muone filimu yoseketsa ya anyamata amene anamubera, iye osatchulidwa olo dzina.

Sindikunena kuti mafilimu awa aletsedwe olo kuti kuseka nkulakwa, ine ndemwe ndimawaonabe ndipo ndidzawaonabe. Kuno wakuba akagwidwa mu Town Centre olo pa Kulima Tower tonse tidziwa zimene zimachitika apolisi asanafike, ndinaonapo mnyamata wa zaka mwina 17 atagona pansi magazi ali chuchuchu chifukwa cha foni, anthu ovala bwino opita ku ofesi akuponyako nsapato. Filimu imene imakukumbutsa kuti wakuba naye ni munthu, ali ndi amake, amaopa, amalakwitsa, ili ndi nchito yake pakati pa ife. Chimene ndimakana ni pamene kumupanga wakuba kukhala munthu kufuna kuti womenyedwa uja asakhale munthu.

Ilipo imodzi yatsopanoko imene ndimaona kuti inayenda bwino pa ulusi umenewu, The Duke, ya Jim Broadbent ndi Helen Mirren. Nkhani yoona ya Kempton Bunton, mdala wa ku Newcastle amene anazengedwa mlandu wa chithunzi cha Duke of Wellington chojambulidwa ndi Goya chimene chinasowa ku National Gallery, nyumba yosungira zithunzi ku London, mu 1961. Mdalayu nkhondo yake inali yakuti okalamba asamalipire laisensi ya TV, ndipo zinamuwawa kuti boma lapezera ndalama zambiri chithunzi chimodzi pomwe nkhalamba zosauka zikulipitsidwa kuti zione TV. Ife a TV levy nkhani imeneyi sitifuna womasulira. Palibe anamenyedwa, chithunzi chinabwezedwa, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti amene anakwera pawindo kukachitenga anali mwana wake. Koma chimene ndimaikondera ni Helen Mirren, mkazi wa mdalayo, amene amakolopa m'nyumba za olemera kuti pakhomo padyedwe pomwe mwamuna wake akuchotsedwa nchito iliyonse chifukwa cha pakamwa. Filimu siimubisa mai ameneyo. Umaona maondo ake pansi, umaona mkwiyo wake, umaona kuti maloto a mwamuna wake ali ndi wowalipirira. Umaseka ndithu koma wolipira ali pomwepo pa sikirini.

Usiku uja Ladykillers itatha amai anakhala chete pang'ono akupinda chitenje pamaondo, kenako anafunsa ngati pakuba paja panali amene anapwetekedwa, chifukwa motoka ya ndalama ija inali ndi anthu oilonda ndipo iwo sanaone bwino zimene zinawachitikira. Ndinati sanaonetse kuti wina anavulala kwambiri amai. Anati chabwino, nkutchula dzina la alongo ao aja kamodzi, motsitsa, ngati akuwaitana kuchipinda china. Mawa lake tisanapite kutchalitchi anandiuza kuti madzulo malaiti akakhalapo ndiwaikirenso paja pa tiyi, pa azigogo a zipewa, ati sanaone bwino nkhope ya chimunthu chachikulu chija pamene amachipatsa keke.